Madzi Amene Ndinakana Kutaya

Tadala ndi Mphatso, kuyambira muli aang'ono mwakhala mukundiseka kuti bambo wanu ndi wotaya zinthu. Mafuta akakazingira nsomba kamodzi, ine ndimakawakhuthulira kudzenje. Madzi a m'beseni wina akasambamo m'manja, sindilola kuti wachiwiri apisemo. Amayi anu anandilankhula mpaka anatopa. Lero poti ndapuma pa ntchito, ndati ndilembe kumene khalidweli linachokera, chifukwa sindinabadwe nalo. Za ubwana wanga ndazilumpha, mulibe kanthu koma ndewu zokhazokha.

Chaka choyamba pa ntchito, ndili ndi zaka 19

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Mphunzitsi wina anatchula bambo anga m'kalasi m'njira imene sindinaikonde, ine n'kumugenda ndi dasitala pamphumi, basi za sukulu zinathera pomwepo. Ndinabwera ku Lilongwe n'kumanyamula katundu wa anthu ku depoti ya ku Old Town, ndipo sabata sinkatha osamenyana ndi wina. Amene ananditola anali Che Saidi, telala wachisilamu amene ankasokera pakhonde la sitolo ina kufupi ndi mzikiti. Ankasoka makhoti oyera ndi maovolosi a anthu a m'zipatala. Tsiku lina atandiona ndikulavula magazi nditamenyana, anandiitana n'kuyamba kundiyesa ndi tepi osandifunsa n'komwe. Patatha masiku atatu anandiveka ovolosi ya khaki n'kupita nane ku labotale ya chipatala china kumene ankapereka makhoti. Kwa mkulu wa kumeneko anangoti mnyamatayu dzina lake ndi Lingisoni, manja ake ndi achangu, mumupatse magalasi azitsuka, mwina aphunzira kugwira zinthu mofatsa.

Ndinatsuka magalasi zaka zambiri, ndipo ntchitoyo inandiphunzitsa lamulo limodzi: mu labotale ya kwathu kuno sutaya kanthu. Magolovesi tinkawachapa n'kuwayanika pachingwe kuseri, mphepo ikawomba ankaoneka ngati manja a anthu akubayibitsa. Timagalasi topakapo magazi tinkatiwiritsa n'kutigwiritsanso ntchito mpaka titachita khungu. Bwana wanga woyamba, mdala wa ndevu zoyera, ankayendera mabini tisanaweruke, ndipo akapeza chinthu choti chikanagwiranso ntchito ankakuitana kuti uchitole ndi manja ako aliyense akuona. Kwa iye wodziwa ntchito anali amene angathe kutalikitsa zinthu zochepa. Luso limenelo ine ndinalidziwa kuposa onse. Mtima wokha ndi umene sunasinthe. Anandisamutsa kawiri, koyamba nditathyola chitseko cha kosungira katundu, kachiwiri nditagwira dalaivala wa ambulansi pakhosi.

Chaka cha 21 pa ntchito

Kusamutsidwa kwachitatu kunandifikitsa ku labotale yaing'ono ya kafukufuku, kanyumba ka njerwa zofiira pakati pa mitengo ya bulugamu, m'mbali mwa msewu wochokera ku Old Town kupita ku City Centre. Mkulu wake anali Dokotala Msiska, mayi wa ku Rumphi wolankhula motsitsa, amene ankafufuza za khansa ya m'chifu. Wowathandiza anali a Mhango a ku Mzimba, katswiri wa za labotale wokhala ndi dipuloma, komanso mkulu wa mpingo. A Mhango anandipatsa dzina loti Tsabola sabata yoyamba yomweyo, ndipo ndikalakwitsa kanthu ankayang'ana kudenga n'kunena kuti Fomu 2 yayamba kuonekera. Tsiku lina ndinawaponyera ndowa ya madzi a sopo. Inawaphonya, koma aliyense anaona, ndipo kuyambira pamenepo panalibe wosadziwa kuti ine ndi a Mhango sitimwerana madzi.

Kumapeto kwa nyumbayo kunali chipinda chopanda zenera. M'menemo munali kabati yachitsulo yotchedwa inkyubeta, imene inkalira pansipansi osalekeza, ndipo mkati mwake munkafunda ngati m'khwapa mwa munthu. M'kabatimo munkagona mabotolo athyathyathya, lililonse lili ndi madzi a pinki pansi pake. Poyamba ndinkayesa ndi mankhwala. A Mhango ndi amene anandiuza kuti m'menemo muli maselo, tizidutswa tamoyo timene timapanga thupi la munthu, otengedwa pa chotupa cha wodwala, ndipo madzi a pinkiwo ndi chakudya chawo. Akadya, madziwo amasanduka achikasu. Umawakoka ndi kachubu n'kuwathira m'ndowa ya klorini, kenako n'kuikamo atsopano. Lamulo la Dokotala linali loti madzi akale onse apite m'klorini, ngakhale dontho lisatsale. Ine lamulo limenelo linkandiwawa, ndikakumbukira magolovesi aja pachingwe.

Maselo sadziwa kuti lero ndi Lamlungu, njala imawagwira basi. A Mhango Lamlungu ankakhala ku tchalitchi kuyambira m'mawa. Ndiye ngakhale tinali pa udani, anandiphunzitsa kudyetsa maselo, akuti pakamwa panga mpoipa koma manja anga sanjenjemera. Ndinkapita ndekha Lamlungu m'mawa, iwo n'kudzasaina m'buku Lolemba ngati kuti anadyetsa ndi iwowo. Dokotala sankadziwa. Wotsuka mabotolo sankaloledwa kukhudza maselo.

Chaka cha 22

Che Saidi anali atakalamba koma ankasokabe, ndipo Loweruka lililonse ndinkakakhala nawo pakhonde paja. Ndinayamba kuona kuti chakudya akubweza mbale ili yodzaza. Ankati akangomeza katatu akhuta. Kenako ndinawapeza akuchepetsa thalauza lawo lomwe m'chiuno, kachitatu mwezi umodzi. Ndinawakalipira ngati mwana, n'kuwakokera ku chipatala. Anawalowetsa kachubu ka kamera pakhosi, n'kupeza khansa ya m'chifu. Dokotala Msiska anawapempha ngati angatengeko kachidutswa ka chotupacho kuti akakafufuze, iwo anavomera n'kusaina. Pa mabotolo athu pankalembedwa manambala okha, osati maina, koma ine ndinadziwa, chifukwa ndine ndinawaperekeza mpaka pachitseko, ndipo ndine ndinanyamula kabokosi kozizira kuchokera pachitseko chomwecho kupita nako ku labotale. Maselo a kachidutswa kameneko anawamata tepi ya buluu.

Anayamba kulandira mankhwala a khansa, amene timati kemo. Anasanza, ndevu zinathothoka, koma patapita miyezi anadzuka. Anabwerera pa makina awo, ndipo pa Idi anadya mpunga mbale ziwiri ine ndikuona. Tonse tinati zatha. Chaka chisanathe matenda anabwerera. Anawapatsa mankhwala omwe aja, koma ulendo uno chotupa sichinasunthe, chinangokulirakulira mpaka chinafika ku chiwindi. Anatenganso kachidutswa kena, ndipo maselo ake anawamata tepi yofiira.

Ndinakawaona kunyumba kwawo atagona pamphasa, atatha ngati mwana wa zaka khumi. Anandikodola kuti ndiwerame.

"Lingisoni, matendawa ali ndi makutu," anatero. "Ulendo woyamba mankhwala anawadzidzimutsa. Tsopano auzana."

Ndinaseka kuti ndiwasangalatse, koma iwo sanaseke. Anandigwira kolala ya ovolosi, ngati akuyang'ana msoko wawo.

"Kanyama kanga kali kwanu uko, uzikapatsa chakudya pa nthawi yake. Ine njala sindinaikondepo."

Anamwalira Lachinayi m'mawa, ndipo mwa mwambo wawo dzuwa lisanalowe tinali titawaika. Lamlungu lake ndinatsekula inkyubeta, mpweya wofunda unandiwomba kumaso. Ndinatenga botolo limodzi n'kuliika pa maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka. Maselo anali atachuluka kuposa mmene ndinawasiyira. Munthu wagona m'dothi masiku atatu, koma muno akukula. Ena anali atatambasula timikono topyapyala ngati ulusi, kufikira anzawo a patali. Ndinaima nthawi yaitali m'chipindamo, ndekha, kabati ikulira. Kuyambira tsiku limenelo ndikatsekula ndinkayamba ndawapatsa moni: mwadzuka bwanji, Che Saidi.

Ntchito ya Dokotala inali yoyerekeza magulu awiriwo. Akathira kemo m'mabotolo a buluu, maselo ankakhwinyata n'kuyandama atafa. Akathira m'mabotolo ofiira, ankangokhala phee ngati awathira madzi a pampopi. Onse a munthu mmodzi, chifu chimodzi. Dokotala ankafuna kudziwa chimene chinasintha.

Chaka cha 23, nyengo yotentha

Madzi a pinki ankachokera kunja, ndipo chaka chimenecho katundu anakanirira m'njira. Mufiriji munatsala mabotolo ochepa. Dokotala analamula kuti maselo ofiira azilandira muyezo wonse, popeza anali ochepa, koma a buluu azilandira theka, popeza ena a mtunduwo anali atawasunga m'thanki yozizira kwambiri yowumitsira maselo. Sipanatenge nthawi, a buluu anayamba kuvutika. Madzi awo ankasanduka achikasu tsiku limodzi lokha, maselo n'kumakanganuka pansi pa botolo ngati khungu lopsa.

Lamlungu lina ndinakoka madzi akale m'mabotolo ofiira. Poti iwo ankadya mokhuta, madziwo anali akadali a pinki, ongothimbirira pang'ono. Ndinawaimika pamwamba pa ndowa ya klorini. Dzanja linakana. Ndinakumbukira mdala wa ndevu uja akuyendera mabini, ndinakumbukira Che Saidi akuti njala sanaikondepo. Ndipo ndisaname, mumtima munalinso kamwano koti a dipulomawa akutaya chakudya chabwinobwino pamene wa Fomu 2 akudziwa chochita. M'dirowa munali timasefa tolumikiza ku jekeseni, timene a Mhango anandiuza kuti sitilola selo kapena kachilombo kalikonse kudutsa. Ndinasefa madziwo kawiri, anatuluka oyera mbee, ndinawasakaniza ndi theka lija la atsopano, n'kudyetsa a buluu. Ndinachita zimenezi Malamlungu anayi, osauza munthu.

A buluu anatsitsimuka. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Koma Lamlungu lachinayi nditayang'ana pa maikulosikopu, ndinaona zachilendo. Maselo a buluu nthawi zonse ankakhala obulungira, ogundana mwadongosolo ngati miyala yoyala pabwalo. Tsopano ambiri anali atatalika, atasongoka mbali zonse ziwiri, atatalikirana. Ndinachotsa botololo n'kuikapo lofiira. Ndinabwezeranso la buluu. Pakanapanda tepi sindikanawasiyanitsa.

Sabata yomweyo Dokotala anathira kemo. A buluu sanafe ngati kale, ambiri anangokhala. Anabwereza, zomwezo. Mayi uja sankakalipa, anangovula magalasi a m'maso n'kufunsa kuti buku lili kuti. Kwa iwo yankho linali limodzi: wina anasokoneza matepi, kapena anagwiritsa ntchito kachubu kamodzi n'kusamutsira maselo ofiira m'mabotolo a buluu. Poti onse anali a munthu mmodzi, panalibe njira yapafupi yotsimikizira. M'bukumo munali siginecha ya munthu mmodzi yekha. A Mhango anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba, ndipo akuluakulu adzakumana pakatha masabata awiri kuti aone ngati awachotse ntchito. Ine ndinkaganiza kuti anthu a kumpoto sagwetsana. Ndinaona ndekha kuti ndinkanama.

A Mhango anatenga Baibulo lawo ndi kapu yawo ya tiyi. Anadutsa pa sinki pamene ndinkatsuka, anaima, anandiyang'ana. Ndinadikira kuti atchule za Lamlungu, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuwakuwira. Sanatchule. Anangotuluka.

Masiku khumi ndi limodzi

Mudzafunsa kuti bwanji sindinaulule tsiku lomwelo. Choyamba ndi ndowa ija. Ndikanati ndine, aliyense akanati Tsabola wachita dala kuti agwetse mdani wake, ndipo palibe akanamva za njala ya Che Saidi. Chachiwiri ndi chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri: ine sindinasamutse selo ngakhale limodzi. Ndinasefa kawiri. Chimene chinadutsa ndi madzi okha. Nanga ngati madziwo analibe kanthu, a buluuwo anamva bwanji zimene ofiira ankadziwa? Mawu a pamphasa aja ankangozungulira m'mutu mwanga. Tsopano auzana.

Dokotala ankadyetsa okha maselo, ine ndinkangolowa kukakolopa. Kulira kwa inkyubeta, kumene ndinakumva zaka ziwiri osakulabadira, kunayamba kundimvekera ngati makina osokera akupondedwa m'chipinda china. Tsiku lina masana magetsi anazima, jenereta n'kuchedwa kulira. M'chipinda chopanda zenera chija munagwa mdima wa ndiweyani, kabati inakhala chete, ine nditagwira mopu. Ndinadzipeza ndikumvetsera, nditagwira mpweya, ngati pali anthu akunong'onezana ndipo asiya chifukwa ndalowa. Jenereta italira ndinatuluka n'kusiya ndowa momwemo. Nditaweruka ndinapita pakhonde paja ku Old Town. Panalibe munthu. Pa simenti panatsala timaenje tinayi pamene miyendo ya makina inkaponda zaka zonse zija.

Kunyumba ndinasiya kudya. Ndikameza katatu ndinkamva kukhuta, ndipo ndikakumbukira amene ankanena mawu amenewo thukuta linkandituluka. Amayi anu anandifunsa ngati ndamenyanso munthu ku ntchito. Ndinawakalipira mpaka iwe Mphatso unakabisala kuseri kwa chitseko. Zimenezo ndikupepesa lero.

Tsiku la khumi ndi limodzi linali Lachisanu. Anandituma ku City Centre kukasiya kalata, ndipo pa siteji ya minibasi ndinaona a Mhango atavala suti yawo ya ku tchalitchi, envelopu ya khaki ili m'khwapa. Aliyense mu Lilongwe amadziwa tanthauzo la envelopu ya khaki m'khwapa mwa munthu wovala suti masana a Lachisanu: akufunafuna ntchito. Ndinafuna kuzemba koma anandiona. Anakweza dzanja.

"Tsabola, akudya bwino?"

Sanafunse za Dokotala, sanafunse za akuluakulu. Anafunsa za maselo. Ndinangogwedeza mutu, iwo anakwera minibasi n'kunyamuka.

Loweruka, ku Area 14

Ndinadziwa nyumba ya Dokotala chifukwa ndinkawaperekerako mapepala. Ndinapita wapansi. Misewu ya kumeneko imakhala zii ngakhale masana, mipanda italiitali, agalu akuuwa munthu osawaona. Ndinawapeza atavala chitenje akuthirira maluwa. Anandiuza kuti ndikhale pampando wa pakhonde koma ndinakana. Ndinanena zonse chiimire, ndi mawu okalipa, chifukwa ena ndinalibe: za Malamlungu, za siginecha, za madzi, za sefa. Ndinati ngati mukufuna wochotsa ntchito ndi ine, a Mhango sadziwa kanthu za madziwo, ndipo ndisamve wina akuti ndinachita dala.

Anatseka mpopi. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa, koma anayamba kundifunsa ngati wapolisi. Sefa yake iti, ya m'dirowa lamanzere kapena lamanja? Kangati? Madzi ochokera ku ofiira okha, kapena ndinasakaniza ndi a buluu? Ndinasintha golovesi pakati? Nditayankha zonse anakhala pa masitepe akuyang'ana madzi akulowa m'dothi.

"Maselo amatumizirana makalata, a Lingisoni," anatero.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndilemba mmene ndinamvera. Selo la khansa silikhala lokha ngati mwala. Limatulutsa timatumba ting'onoting'ono kwambiri, tochepa kuposa mabowo a sefa yanga, ndipo m'timatumbamo mumakhala malangizo. Selo lina likatilandira limatitsekula n'kutsatira zimene zili m'menemo. Kemo ikabwera imapha maselo ambiri, koma ochepa amene apeza njira yolavulira mankhwalawo asanawaphe, kapena yokanira kufa, angathe kutumiza njirayo kwa anzawo. Ndipo sauzana okhaokha. Amatumizanso uthenga kwa mnofu wabwinobwino wowazungulira kuti uwamangire mitsempha ya magazi n'kumawadyetsa. Amauza asilikali a m'thupi kuti agone. Timatumba tina timayenda ndi magazi mpaka ku chiwindi, kukakonza malo eni ake asanafike. Anati zimenezi anaziwerenga kwa anzawo ofufuza a kunja, koma anali asanazionepo ndi maso awo, ndipo sanaganizeko n'komwe chifukwa mu labotale yawo madzi akale sankayenera kukumana ndi selo lililonse. Anati mwina ndi zimene zachitika, mwina ayi, tiyesa.

Ndinawauza mawu a Che Saidi, ndinaululanso kuti ndimadziwa mwini wa maselowo ndiponso kuti ndimawapatsa moni. Ndinafunsa ngati ndiye kuti mkuluyo akulankhuladi m'mabotolo muja. Dokotala anandiyang'ana mwachisoni.

"Che Saidi anapuma, a Lingisoni. Chimene chikulankhula muja ndi chimene chinawapha."

Pamenepo ndi pamene ndinakhala pansi, pa simenti. Chaka chathunthu ndinkadzuka Lamlungu m'mamawa kukapereka moni ndi chakudya kwa chinthu chimene chinadya munthu amene anandisokera ovolosi yoyamba. Ndipo pofuna kuchipulumutsa ku njala, ndinachinyamulira makalata ake ndi manja anga.

Dokotala analowa m'nyumba kukaimba foni kuti msonkhano wa akuluakulu wa Lolemba uyambe waima.

Chaka cha 23, mvula itayamba

Katundu uja atafika, Dokotala anatsekula thanki yowumitsira. Nthunzi yoyera inasefukira n'kuyenderera pansi mpaka kutiphimba mapazi. Anatulutsa maselo a buluu amene anagona m'menemo kuyambira Che Saidi ali moyo, osakhudzidwa ndi munthu. Anawadzutsa, anawagawa pawiri ndi manja awo. Gulu lina ankalidyetsa madzi atsopano okhaokha. Gulu linalo madzi ake ndinkasefa ine kuchokera ku ofiira, ndendende mmene ndinkachitira, iwo ataima pambali panga akuyang'ana chala chilichonse. Patatha masabata anayi anathira kemo. A madzi atsopano anafa n'kuyandama. Enawo ambiri anatsala, atatalika, atasongoka. Palibe tepi imene inasokonezedwa, palibe kachubu kamene kanalakwika.

A Mhango anabwerera pa ntchito ndi kalata ya chenjezo chifukwa cha siginecha za Lolemba. Ine ndinalandira chenjezo lomaliza, n'kuletsedwa kukhudzanso maselo. Ndinabwerera pa sinki, ndipo ndi pomwepo pamene ndakhala mpaka kupuma kwanga. Sindinadandaule. Ntchito ya miyezi yambiri ya Dokotala ndinaiwononga ndine, ndipo kuti zinawaonetsa chinthu china sizichotsa mlandu wanga.

Panatsala mabotolo a buluu akale aja, amene ndinawadyetsa mobisa. Analibenso ntchito. Dokotala anati amene anawalera ndi amene awathire klorini, ndipo a Mhango aime pomwepo ngati mboni. Aka kanali komaliza kulowa m'chipindamo nditavala magolovesi. Ndinatsekula inkyubeta, mpweya wofunda uja unandiwomba, moni unafika pakamwa koma ndinaumeza. Ndinatsekula botolo loyamba n'kuthira. Pinki uja anazimirira pomwepo, madzi anangoti mbuu. Ndili pa lachitatu a Mhango analankhula kumbuyo kwanga.

"Ndinkadziwa kuti ndiwe, Tsabola. Chimene sindinkadziwa n'choti unatani."

Ndinafunsa osatembenuka kuti nanga bwanji sananditchule, poti kunena kuti Lamlungu ankadyetsa ndi ine kukanawapeputsira mlandu.

"Ine ndili ndi dipuloma, ndikanapeza kwina. Iwe uli ndi Fomu 2 ndi ana awiri."

Zaka zonse zija mawu oti Fomu 2 akatuluka pakamwa pawo magazi ankandithamangira kumutu. Tsiku limenelo ndinadikira kuti athamange, sanathamange. Manja anga, amene ankati sanjenjemera, anataya klorini patebulo. A Mhango anatenga kansalu n'kupukuta, akudandaula kuti Fomu 2 yayamba kuonekera.

Ana awiri amene ankanenawo ndinu. A Mhango anapuma pa ntchito ine ndisanapume, ali kwawo ku Mzimba. Mukadzapita kumeneko mukawafunefune, mukawapatse moni mutagwada, mukati ndinu ana a Tsabola. Ine ndinachedwa masiku khumi ndi limodzi, iwo sanachedwe ngakhale limodzi.

Za beseni lija, sekani mmene mungathere. Ndimadziwa bwino kuti madzi osamba m'manja sanyamula khansa, Dokotala anandiuza kangapo, ndipo m'mimba mwanga anandiyeza sanapezemo kanthu. Madziwo ndimawaona oyera ngati mmene mumawaonera inu. Kungoti ine ndinagwirapo madzi oyera mbee, osefedwa kawiri, ndipo anali odzaza ndi mawu.